Maola Mazana Anayi a Maclean

Lunzu, 8 Epulo 2024

Okondedwa achimwene a Maclean,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Chiletso ndi mwana wathu Nicole. Ife kuno tilipo, kungoti maso a bambo akunka nachita chifunga. Ndalemba papepala n'kujambula ndi foni monga mwa masiku onse, paja bambo amati uthenga wa pa foni si kalata.

Chithunzi chija chafika. Mwatumiza chopanda mawu ngakhale amodzi, koma chadzinenera chokha. Inu mu ovololo yakuda, chisoti m'khwapa, dzanja lili pa kandege. Bambo anayandikiza foni pamphuno penipeni, kenako anandiuza kuti ndiwafotokozere zonse, mpaka mtundu wa udzu umene mwapondawo. Mukudziwa kuti ananyamula masutikesi a anthu ku Chileka zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osaulukapo ngakhale kamodzi. Nditamaliza anati, "Ndiye kuti mwana wanga akuyendetsa." Masana amenewo chakudya anangochilawa.

Nanga munatibisiranji kuti mukuphunzira za ndege? Mwayamba liti? Basi ija ya ku Leicester mwaisiya? Kandegeko bwanji kalibe zitseko? Mafunso enawa ndi a bambo. Akuti muyankhe lililonse palokha, musalumphe.

Ngati pali wina akubwera kuno, mutipatsireko mankhwala odontheza m'maso aja. Botolo latsala pang'ono kutha.

Ine mchemwali wanu,
Dorica


Beaumont Leys, Leicester, 21 Epulo 2024

Achemwali a Dorica,

Zikomo chifukwa cha kalata. Tonse tili bwino. Nicole wakula, koma Chichewa amangomva, kuyankha amayankha m'Chingerezi. Mankhwala ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene akutsikira ku Chileka pa 2 Meyi.

Bambo muwauze kuti kandegeko amakatchula kuti traiki. Kali ndi matayala atatu, mipando iwiri yotsogozana, injini kumbuyo, ndi phiko limodzi lansalu pamwamba. Chiwongolero chake ndi chitsulo chopingasa chimene chimalendewera kuphikoko. Ukachikankha kutsogolo kandege kamakwera, ukachikokera kumimba kamatsika. Zitseko kulibe, mphepo imakumenya ngati uli pa njinga yamoto. Sikanyamukira pa bwalo lalikulu ayi, koma pa kapinga wa m'mafamu, cha ku Melton Mowbray uko. Ukakhala m'mwamba nkhosa zimaoneka ngati mpunga wotayika.

Basi sindinaisiye. Za ndegezi ndi za Loweruka chabe.

Anthu a timandege timeneti ali ndi gulu lawo pa intaneti. Amafunsana za injini, za nyengo, amagulitsana mapiko. Ine ndili momwemo ndipo amandidziwa bwino. Munthu wakuda ndilimo ndekha, choncho nkhani ya ku Africa ikabwera onse amayembekeza kuti ndiyankhe ine. M'gulumo ndapezamonso munthu wa kwathu, mmwenye wobadwira ku Limbe, dzina lake a Rizwan. Ali ndi shopu ya mpunga ndi zokometsera ndiwo ku Evington. Anachoka ku Malawi ali mnyamata koma Chichewa chawo n'chakupsa, cha ku Limbe kwakale.

Mafunso ena ndidzayankha ulendo wina, nthawi ya shifiti yakwana. Bambo asamadzitopetse ndi kuuza anthu. Si nkhani yaikulu.

Ine,
Maclean


Lunzu, 19 Meyi 2024

Achimwene,

Moni kwa nonse. Mankhwala afika, bambo akuthokoza.

Mukuti si nkhani yaikulu, koma kudzichepetsa kwanuko mwachedwa nako. Bambo anandituma kukatsukitsa chithunzi chija, ndipo chili pakhoma pambali pa cha malemu mayi. Anzawo opuma ntchito a ku Chileka abwera kale kawiri kudzachiona. Bambo amawaonetsa ndi ndodo yawo mmene chitsulo chija amachikankhira.

Tsopano pempho langa. Kusukulu kwathu pa 12 Julayi tili ndi tsiku loti ana amve za ntchito zosiyanasiyana. Chaka chatha kunabwera namwino ndi wapolisi. Ine ndauza ahedi kuti mchimwene wanga ndi woyendetsa ndege ku Mangalande, ndipo avomera kuti mulankhule ndi ana anga a Sitandade 7 pa foni ya kanema. Mudzavale ovololo ija. Ngati zingatheke mudzakhale pafupi ndi kandegeko. Ana ajambula kale timandege m'makope mwawo.

Bambo akufunsabe kuti mwauluka kangati. Funso limeneli munalilumpha.

Dorica


Leicester, 16 Juni 2024

Alamu anga a Dorica,

Muli bwanji kumeneko? Bambo ali bwanji? Pepani sindilembalemba, mashifiti a kuchipatala andipha. Kalata iyi ikhale ya ife awiri, musawawerengere bambo.

Ndikufuna mundithandize kulankhula ndi achimwene anu. Kuyambira pamene ndinawagulira ulendo wa mphindi makumi atatu uja pa bafude yawo, munthu wasintha. Ndinkati ndiwasangalatse poti akwanitsa zaka makumi anayi, osadziwa kuti ndikudziputira. Foni sichoka m'manja. Patebulo akutaipa, Nicole akamawaonetsa homuweki akutaipa. Ndikayandikira amaitembenuza. Ndikafunsa amati ndi gulu la ndege.

Lachiwiri anaiwala foni pa kauntala ndipo inalira. Dzina linatuluka ndi la mkazi, Zaibunisa. Meseji yake inali yoti, "Zikomo povomera, mtima wanga wakhala pansi. Loweruka la pa 6 Julayi." Ndinawafunsa. Anatuluka thukuta, alamu, munthu kuchita chibwibwi, kenako anati ndi nkhani yovuta kufotokoza. Tsiku limenelo atenga kale ofu kuntchito osandiuza.

Ine ndakhala nawo zaka khumi ndi zitatu, nkhope yawo ya manyazi ndimaidziwa. Pali chimene akubisa. Sindikufuna kupanga sini yokangana pamaso pa mwana, ndiye ndati ndiyambe ndauza inu. Inu amakumverani.

Mlamu wanu,
Chiletso


Lunzu, 24 Juni 2024

Achimwene,

Moni. Kalata iyi bambo sakuidziwa.

Kalata yanga ya mu Meyi simunayankhe mpaka lero, ndipo tsopano ndadziwa chifukwa chake. Zaibunisa ndi ndani? Kodi kuuluka kwakukwezani mtima mpaka mwayamba kuona mkazi wanu ngati nkhosa zija mumaziona pansi? Alamu anga anakugwirani dzanja muli wophunzira wopanda ngakhale jekete. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Chilichonse chimene mwakonza pa 6 Julayi, chilekeni.

Ndipo mundiyankhe za pa 12. Ahedi andifunsa katatu.

Dorica


Leicester, 9 Julayi 2024

Alamu,

Moni. Musadzidzimuke, onse ali moyo.

Loweruka kunachitika ngozi. Kandege kanagwera m'munda wa tirigu, achimwene anu ali momwemo. Iwo angosupuka mwendo ndi kutupa nthiti. Mnzawo amene amayendetsa, a Rizwan, wathyoka mkono pawiri ndi fupa la paphewa, ndipo amupanga opaleshoni dzulo.

Zaibunisa ndi mkazi wa a Rizwan. Ndinakumana naye pa kolido ya chipatala, mayi wamkulu kuposa ine, atavala mpango wake, akulira. Ndinachita manyazi ndi zimene ndinakulemberani. Koma atadziwa kuti ndine mkazi wa a Maclean anasiya kulira, anandiyang'ana, n'kuchoka. Chifukwa chake ndachimva Lamlungu. Sindingakuuzeni ine. Ndawauza kuti alembe okha.

Za kusukulu pa 12 sizitheka. Auzeni ahedi.

Chiletso


Beaumont Leys, 20 Julayi 2024

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata iyi ndaiyamba kanayi. Muiwerenge nokha kaye, kenako muwawerengere bambo yonse, osachotsa kanthu.

Ine sindine woyendetsa ndege. Sindinaphunzirepo. Tsiku la chithunzi chija ndinauluka mphindi makumi atatu nditakhala kumbuyo ngati katundu, ndipo ovololo ija inali yobwereka. Chithunzicho ndinatumiza chopanda mawu dala. Ndinkadziwa chimene bambo adzaganize.

M'gulu la pa intaneti ndinalowa kuti ndifunse za maphunziro. Nditaona kuti sindingakwanitse, ndinangokhalamo n'kumawerenga. Ndinawerenga zonse, za zaka ndi zaka, mpaka ndinayamba kulankhula ngati iwo. Tsiku lina wina anafunsa ngati alipo amene anaulukapo ku Africa. Ndinalemba za chiperoni, mmene chimatsikira kuchokera ku Mulanje. Anthu anakonda. Wina anafunsa kuti ndili ndi maola angati m'mwamba. Ndinali pa buleki, nditakhala m'basi yopanda anthu pa siteji ya ku Belgrave, ndipo ndinalemba kuti mazana anayi. Palibe anandikakamiza. Kuntchito anthu amakwera basi osandiyang'ana kumaso, koma m'gulumo ndikalemba, akuluakulu a imvi ankayankha kuti zikomo.

A Rizwan anali atangolandira laisensi yawo. Ankaopa kupita kutali okha, ndipo akazi awo ankaopa koposa. Ndi mayiwo amene anandilembera kundipempha kuti ndikhale kumbuyo kwa amuna awo pa ulendo wawo woyamba wautali, poti ndine wodziwa komanso wa kwathu. Ndinazemba kawiri. Kachitatu ndinavomera. Ndinadziuza kuti ndikangokhala phee, tikapita n'kubwerera.

M'mawa wa tsikulo mitambo inali yotsika ndipo mphepo inkawomba modukizadukiza. Pa famupo panali anthu ena atatu, koma palibe anatulutsa kandege kake. A Rizwan anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti ine ndikuona bwanji. Achemwali, apa ndi pamene pali mlandu wanga. Ndikanangoti tisapite, bodza langa likanapulumuka ndipo mkono wawo ukanapulumukanso. Koma anthu atatu aja ankamvetsera, ndipo mmodzi anali atangondigwira chanza n'kunena kuti amakonda zolemba zanga. Ndinati ku Malawi tinkauluka pa nyengo yoposa pamenepa.

Titauluka mphindi ngati makumi awiri, mtambo unatitsekera kutsogolo. A Rizwan atatembenuza kandege, kumbuyonso kunali kutatseka. Kandege kanayamba kudumpha. Traiki yawo anaigula kwa mphunzitsi, choncho ili ndi zogwirira zofika kumpando wakumbuyo. Ndinamva mawu awo pa cholankhulira cha m'chisoti, m'Chichewa.

"Achimwene, gwirani inu. Ine zandikulira."

Ndinayang'ana zogwirira zija. Zinali pafupi ndi mawondo anga.

"Gwirani, a Maclean."

"Sindidziwa kuyendetsa," ndinatero. "Sindinayendetsepo. Ndinanama."

Ndinkangomva kupuma kwawo. Kenako anayamba kupemphera chapansipansi m'Chiarabu, natsitsa kandege pansi pa mtambo, nasankha munda. Anatera bwino ndithu, koma tirigu anali wamtali, anakola matayala, ndipo tinagubuduzika. Nditadzimasula ndinawapeza atagona chammbali, mkono utapindika pamene sipayenera kupindika. Ndinafuna kuwavula chisoti. Anati, "Musandigwire."

A Dylan, amene amayang'anira gululo, anandiimbira Lolemba. A Rizwan sanaulule kanthu, koma ofufuza za ngozi anafunsa laisensi yanga ndipo nkhani inamveka. A Dylan anati akhoza kungondichotsa mwakachetechete. Ndinapempha kuti ndiyambe ndalemba. Ndinalemba zonse, ndi dzina langa lenileni, ndi ntchito yanga. Anayankha anthu oposa zana. Ena anatukwana, ndipo anayenera. Amene anandipweteka ndi mayi wina amene anangofunsa kuti, pa malangizo onse amene ndinapereka chaka chino, ndi ati amene ayenera kuwaiwala. A Dylan anafufuta zolemba zanga zonse, kenako anandichotsa.

Kuchipatala ndinapita kawiri ndi maluwa. Mayi Zaibunisa anandibweza pakhomo. Mayi a Nicole akundiphikira, akundilankhula za mwana, koma sanandiyang'anebe kumaso.

Chithunzi chija muchichotse pakhoma. Kwa ana a sukulu ndi kwa ahedi, mupepese m'dzina langa.

Maclean


Lunzu, 4 Ogasiti 2024

Achimwene,

Moni. Nthiti zikupola? Alamu anga ndi Nicole ali bwanji?

Kalata yanu ndinakhala nayo masiku asanu ndi limodzi ndisanawawerengere bambo. Ndisanakuuzeni zimene ananena, nanenso ndili ndi zanga. Alamu atandilembera mu Juni, anatchula za ulendo wa mphindi makumi atatu umene anakugulirani. Mzere umenewo ndinauwerenga kawiri ndipo ndinamva tanthauzo lake. Koma ndinali nditauza kale ahedi, aphunzitsi anzanga, ndi amayi a kumvano. Ndinasankha kukukalipirani za mkazi chifukwa nkhani imeneyo inali yopepuka kwa ine. Ndikanakufunsani funso limodzi lokha pa 24 Juni, mwina bambo wa ku Limbeyo akanakhala ndi mkono wake. Pa 12 Julayi ndinauza ana kuti mwachita ngozi, ndipo anakulemberani makadi okupepesani, oyamba ndi mawu akuti Okondedwa a Kaputeni. Ali m'kabati mwanga. Sukulu isanatseke ndinaima kutsogolo kwawo n'kuwauza zoona. Sindinaonepo Sitandade 7 ili chete chotero.

Bambo ndinawawerengera Lachisanu masana, yonse. Pamene munati musandigwire paja anandiuza kuti ndibwereze. Nditamaliza anadzuka, anapapasa khoma, anachotsa chithunzi okha, n'kuchiika m'Baibulo lawo. Lamlungu sanapite kutchalitchi. Lolemba anavala jekete, ananditenga kuti ndiwatsogolere kwa anzawo a ku Chileka aja, nyumba ndi nyumba, ndipo paliponse ananena mawu omwewo, kuti zimene ndinakuuzani za mwana wanga sizinali zoona. Nyumba zinayi, achimwene, wapansi, ndi maso amenewa.

Ndinawafunsa chimene ndikulembereni. Anati za kukhululuka si za lero. Kenako anati ndilembe izi mmene anenera: "Munthuyo ali ndi shopu, ndipo ali ndi mkono umodzi. Matumba a mpunga akumutsitsira ndani? Maclean asapitenso kuchipatala ndi maluwa. Apite kushopu."

Ndi zomwezo.

Dorica


Beaumont Leys, 1 Seputembala 2024

Achemwali,

Moni kwa inu ndi bambo. Ife tilipo. Nicole akuyamba sukulu sabata ino. Mundiuze za maso a bambo, ndiponso ngati ayambiranso kupita kutchalitchi.

Ndinapita ku Evington pa 12 Ogasiti, mamawa lole ya katundu isanafike. Mayi Zaibunisa anandipeza nditaima pa chitseko chachitsulo. Anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinati bambo anga andituma kudzanyamula matumba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatsegula n'kundilozera kumene amasunga kangolo kokankhira katundu.

Ndasinthitsa mashifiti kuti ndiziyamba basi masana. M'mawa uliwonse kupatula Lachisanu ndimatsitsa mpunga, ufa wa chapati, mafuta ndi anyezi, n'kusanja m'mashelefu. A Rizwan anabwerera kushopu sabata yachiwiri. Amakhala pa mpando kuseri kwa kauntala, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi. Madokotala akuti zala ziwiri mwina sizidzagwiranso bwino. Traiki yawo yagulitsidwa zidutswazidutswa. Ndikawapatsa moni amayang'ana nyuzipepala. Ndinayesa kupepesa tsiku loyamba, koma anakweza dzanja labwinolo, ndipo ndinasiya.

Lachinayi lapitali kunabwera mayi wina wachikulire wa ku Zomba, kasitomala wawo wakale. Ndinali nditagwada pansi ndikusanja mabotolo a mafuta. Mayiyo anafunsa za mkono, kenako anandiona n'kufunsa a Rizwan m'Chichewa ngati alemba wantchito watsopano. Nkhani yathu Amalawi ambiri a mu Leicester anaimva, ndipo a Rizwan akanatha kungoti ndi uja. Anaika nyuzipepala pa kauntala.

"Ayi," anatero a Rizwan. "Ndi a Maclean, a ku Lunzu. Amayendetsa basi."

Mayiyo anandipatsa moni, ine ndinayankha ndili chogwada. Atatuluka, a Rizwan anandiuza osandiyang'ana kuti mabotolo aakulu amakhala pansi, aang'ono pamwamba, ndipo ndasanja mopotoza. Ndinawatsitsa onse n'kuyambiranso.

Mawa lole ifika hafu sikisi. Bambo muwauze kuti ndikhala ndilipo.

Ine mchimwene wanu,
Maclean